Thobwa la Omanga Ulalo

Kunali kale ndithu, m'masiku amene nyama zinkabwerekana nkhwangwa popanda kuopana, pamene panali ulalo wina wopanda mwini.

Anauyamba ndi Nguluwe. Tsiku lina atatopa n'kunyowa miyendo, anagwetsa mtengo umodzi, n'kuugoneka pamtsinje, basi n'kumapita. Wina anadzaikapo wachiwiri, wina anabweretsa luzi, mpaka unakhala ulalo weniweni. Aliyense anali ndi ufulu woonjezapo mtengo wake, ndipo aliyense ankawoloka osafunsidwa kuti iye anaikapo chiyani.

Patapita zaka, otsala akuusamala anali ochepa. Panali Nyani, amene anzake anamusankha kukhala wapampando, panali Pusi wachiwiri wake, panali Nantchengwa mmisiri wawo, ndi ena atatu. Ankakumana Lachinayi lililonse, osalipidwa ndi wina aliyense, n'kumachotsa mitengo yofumbwa ndi kumanga luzi latsopano. Ankagwira ntchito akuimba. Pusi ndiye ankatsogolera, kutchula mmodzimmodzi onse amene anaikapo mtengo kuyambira pa Nguluwe, ndipo enawo ankavomera ndi mawu omwewo nthawi zonse, onyadira kuti palibe anawatuma. Povomerapo m'pamene ankakoka luzi.

M'gululo munalinso Likongwe, koma manja ake anali asanakhudzepo luzi chibadwire. Iye ankangofika dzuwa litakwera, atasenza chipanda cha thobwa ndi kadengu ka mtedza wophika. Anzakewo ankati imeneyo ndiyo mbali yake, asamuvutitse, munthu wofulula sabata iliyonse watopa kale. Likongwe ankangoweramitsa mutu ngati wamanyazi.

Zoona zake n'zakuti thobwalo ankafulula ndi Mai Kamba. Mtedza unkachokera kwa Nungu, nthawi zina kwa Bongololo, ndipo Nkhono ankatolera nkhuni zophikira, ziwiriziwiri, sabata yonse. Onsewa anali oyenda pansi, amene ulalo unali miyendo yawo. Ankafuna kuthokoza, koma ankaopa kusokoneza anthu ali pantchito, ndiye ankangopereka kwa Likongwe chifukwa ngwaliwiro. Tsiku loyamba Likongwe anangoiwala kunena kumene zachokera. Atamva mmene anzake akumuyamikira, anaona kuti kuiwalako n'kokoma, n'kupitiriza zaka zinayi. Panjira ankalawakonso, kuti aone ngati lasasa.

Tsono ntchito yokonza zakale imatopetsa. Uchotsa mtengo wofumbwa lero, mawa wafumbwa wina, ndipo wowoloka saona n'komwe kuti pasintha. Omanga aja anayamba kudandaulirana kuti kupatula Likongwe palibe amene amawakumbukira. Apo Nantchengwa anabwera ndi nzeru yomanga ulalo wina m'mwamba, wa nsungwi ndi zingwe, wochoka pamtengo wa tsidya lino kufika pamtengo wa tsidya linalo. Anaumanga mosangalala, ndipo unali wabwinodi. Alendo ankachokera kutali kudzauona. Agologolo ankawoloka kasanu patsiku popanda chokatenga. Pakati pake anamangapo kansanja, ndipo misonkhano ya Lachinayi inasamukira pamenepo chifukwa panali kamphepo.

Posakhalitsa Nantchengwa ananena zimene onse ankaziganiza: anthu asanu ndi mmodzi sangasamale maulalo awiri. Anagwirizana zophwasula wakalewo mvula isanagwe. Koma anali ndi mwambo wawo wabwino. Asanachotse kanthu ankalengeza, n'kudikira Lachinayi katatu. Wina akabwera pamsonkhano kudzadandaula, ankamumvera. Pakapanda wobwera, ankachotsa. Palibe mmodzi yemwe anaganizapo zoti msonkhanowo tsopano uli m'mwamba.

Mai Kamba anamva nkhaniyi kwa Likongwe yemweyo, akudzatenga chipanda. Mayiwo anafotokoza motsitsa mawu. Mwana wawo wamkazi anakwatiwa kutsidya, ndipo anali akulondera mazira ake oyamba, oyenera kuswa ndi mvula yoyamba. Iwo ankamupititsira chakudya masiku atatu alionse. Kukakhala komweko sakanatha, chifukwa kuno anali ndi amuna awo amene maso anali atachita khungu. Ulalo ukachoka, mtsinje n'kudzaza, ndiye kuti dzinja lonse adzakhala mbali imodzi, kusiya wina wopanda womuona.

"Komabe musawavutitse, alamu," anatero. "Anthuwa amagwira yaulere."

Ankatchulana alamu mongocheza, ubale panalibe. Likongwe anawamvera chisoni ndithu, ndisamunamizire. Koma anaonanso msanga kuti ulalo wapansi ukatha, thobwa latha, ndipo thobwa likatha iye ayamba kusenza nsungwi ngati anzake. Njira yachidule inalipo, yongokwera n'kukanena amene amafulula. Imeneyo anaiika pambali kaye.

Lachinayi loyamba anakwera ndi chipanda chake, nadikira kuti onse amwe, kenaka ananena kuti wabwera ndi dandaulo la Mai Kamba. Nyani anapukuta pakamwa n'kumukumbutsa kuti dandaulo limanenedwa ndi mwini wake. Lamuloli analiika chaka chimene Khwangwala anabwera ndi madandaulo a nyama khumi ndi ziwiri, iwo n'kugwira ntchito mwezi wathunthu, pambuyo pake n'kuzindikira kuti nyamazo kulibe, Khwangwala ankangofuna poteramo pabwino.

"Ndiye akwere bwanji, apampando?"

"Kodi n'kovuta?" anafunsa Nyani, ndipo ankafunsa moona mtima.

Pusi anati ulalo watsopanowo ngwosavuta, wina aliyense atha kuphunzira, ndipo iye mwini atsika akawaphunzitse mayiwo. Anatsikadi. Anawaonetsa poika dzanja, poika phazi, ndi mmene mchira umathandizira. Mai Kamba anayang'ana kamchira kawo. Anayesa kamodzi, n'kutsetsereka. Kachiwiri Pusi anawakankha kumbuyo, anakwera kufika msinkhu wa chitsa, kenaka anagwa chagada, miyendo ikupalasa m'mwamba. Pusi anawatembenuza mwamsanga, nawasasa fumbi pachigoba ndi dzanja lake, akupepesa. Mawa lake anawabweretsera masuku, osankha okhaokha. Koma pamsonkhano ananena kuti mayiwo akufunika masiku ochulukirapo ophunzira, ndipo Nyani anati Lachinayi loyamba ladutsa popanda wodandaula. Anaimba nyimbo yawo m'mwambamo, mothamanga, Pusi akudumpha mayina ena kuti ifanane ndi mmene ulalo unkagwedezekera.

Likongwe anaganiza sabata yonse. Mai Kamba anali olemera, sakanatha kuwasenza. Koma Nkhono anali wopepuka, ndipo nayenso ulalo ankaufuna, poti dimba lake linali kutsidya. Anamuphunzitsa zokanena, mawu asanu okha, namubwereza mpaka analoweza. Lachinayi lachiwiri anamuika m'kadengu pamwamba pa mtedza n'kukwera naye.

Omanga aja anakondwa kuona mlendo. Anamukhazika pabwino, Nantchengwa anamuthyolera tsamba lanthete. Nkhono anatulutsa nyanga zake, n'kuyamba kupereka moni. Anayamba ndi Nyani, kufunsa za kunyumba, za ana, za apongozi. Anapita kwa Pusi chimodzimodzi. Pofika kwa wachisanu ndi chimodzi mithunzi inali itatembenuka, ndipo Likongwe anali atakanda nsungwi mpaka kuyera.

"Tamva moni, a Nkhono," anatero Nyani mokoma mtima. "Kaya pali dandaulo?"

Nkhono anayang'ana tsamba limene anali atadya theka. Anayang'ana manja a Pusi, odzaza ndi matuza a luzi. Munthu wakulandira, wakudyetsa, ndiye umuuze kuti walakwa?

"Ayi, dandaulo ndiye palibe. Ife n'kuthokoza basi. Kaya thobwa lija limakufikani lili bwi..."

Likongwe anatsokomola koopsa, nagwetsa chikho, ndipo pomwe anzake ankachitola iye anali atamubweza kale Nkhono m'kadengu n'kuvundikira. Anati mlendo wachita chizungulire, sanazolowere m'mwamba. Potsika anamukalipira njira yonse, Nkhono n'kumangoyankha kuti anthuwo ngaulemu kwambiri.

Kunatsala Lachinayi limodzi. Mitambo inali itayamba kusonkhana masana alionse, ndipo Nantchengwa ananola nkhwangwa ziwiri, kuti msonkhano ukangotha atsike akaphwasule.

Apa Likongwe anasiya kuganiza zokweza anthu. Anayenda khomo ndi khomo kwa onse oyenda pansi, tsidya lino ndi linalo, kuwauza kuti omanga awaitana kuphwando lotsanzikana ndi ulalo wakale, ndipo aliyense abwere ndi kanthu kake yekha, chifukwa iye msana ukumupweteka. Anamukhulupirira. Mai Kamba anati ngati n'komaliza afulula mumtsuko waukulu, ndipo Nungu anathandiza kuugubuduza mpaka pakati pa ulalo.

Tsikulo Likongwe anakwera chimanjamanja, akutsimphina. Anauza anzake kuti lero anafulula lambiri, la tsiku lalikulu, koma mwendo wake unalowa pakati pa mitengo ya ulalo wakale, ndipo mtsuko wausiya pomwepo. Akafuna, aukweze okha. Pusi anatsika kukayesa, n'kubwerako akupukusa mutu. Nyani anati palibe chovuta, kunali kotsika kale, akamwere konko kenaka ayambe ntchito.

Atatsika anadabwa. Mbali zonse ziwiri za ulalo kunali nyama, zina zimene anali asanazionepo. Anungu ndi ana awo, abongololo, achule okalamba osatha kulimbana ndi madzi othamanga, nkhwali yothyoka phiko, onse atanyamula timadengu. Nyani anafunsa monong'ona kuti anthu onsewa akupita kuti. Likongwe anati sakupita kulikonse, amadutsa pano masiku onse, kungoti lero afika nthawi imodzi.

Omanga anakhala pansi mozungulira mtsuko. Likongwe anadikira kuti Nyani amwe chikho choyamba.

"Apampando, ndifunse nawo. Msonkhano umakhala pansanja, kapena pamene mwakhala inu?"

"Pamene ndakhala ine," anatero Nyani, akufutukula chifuwa pang'ono.

"Ndiye tayamba."

Nyani anaona kuti wagwidwa, koma anaseka, nati chabwino, tayamba. Ndipo poti panali anthu ambiri, anaganiza zoyamba ndi mawu oyamikira. Anaimirira n'kunena kuti ntchito yawo njosayamikika, zaka zonsezi palibe anabwerapo kudzati zikomo, kupatula munthu mmodzi. Anagwira Likongwe paphewa. Anati onse amuone munthu uyu, amene wafulula thobwa Lachinayi lililonse kwa zaka zinayi osajomba.

Nungu anayang'ana Bongololo. Likongwe anali ataganizira zonse kupatula zakuti Nyani amakonda kulankhula pagulu.

Mai Kamba sanamve zonse, poti anali kumbuyo kwa mtsuko akutsuka zikho. Anangomva za thobwa, n'kusuzumira.

"Lakoma, apampando? Lero ndachepetsa chimera. Alamu anandiuza chaka chatha kuti lotsekemera kwambiri limakupwetekani mano."

Dzanja la Nyani linali likadali paphewa la Likongwe, ndipo linayamba kulemera. Pusi anayamba kuseka, kuseka kwake kogwa nako pansi, mpaka achule anasekera limodzi osadziwa chimene chachitika. Nantchengwa anafunsa kuti nanga mtedza. Nungu anakweza dzanja mwamanyazi. Nanga nkhuni? Nkhono anabisa nyanga.

Likongwe sanathawe. Anachotsa dzanja lija mwaulemu, nakwera pamwamba pa mtsuko, mwendo wotsimphina uja utachira.

"Ndalakwa, ndipo mundiweruza. Koma inu mumati palibe amakuyamikani. Anthuwa akhala akukuyamikani sabata iliyonse, inu n'kumameza. Ine ndinangobisa mayina. Tsono mwini dandaulo uyu ali apayu, ndipo msonkhano ndi uno. Mufunseni."

Nyani anakhala pansi kuti alingane ndi Mai Kamba. Anawafunsa ngati ali ndi dandaulo. Iwo anati ayi, dandaulo alibe. Likongwe anagwira kumutu. Koma Pusi, amene anali atawaonapo ali chagada, anati funsolo silili bwino, n'kufunsa kwina: ulalo uno ukachoka, mawa adzatani?

Apo Mai Kamba anafotokoza zonse, za mwana wawo, za mazira, za amuna awo. Sanakweze mawu. Atatha iwo, nkhwali inanena zake, kenaka chule wina, kenaka Nkhono, amene ulendo uno anapereka moni kwa wapampando yekha. Omanga anamvetsera mpaka thobwa linafika theka.

Nantchengwa ndiye anali asanakhutire, ndipo anali ndi chifukwa. Anati zonsezi wamva, mtima wake si mwala, koma manja ndi omwewa. Kupeza mtengo wofumbwa kokha kumawatengera m'mawa wonse, kugogoda umodziumodzi. Bongololo anafunsa modabwa ngati amachita kugogoda. Anaonjeza kuti iye amaidziwa yonse, poti amaiponda ndi miyendo yambiri: wachitatu kuchokera uko ngwofumbwa mkati, wachisanu ndi chiwiri watsala mwezi umodzi. Nantchengwa anapita kukagogoda, n'kupeza kuti n'zoona. Anafunsa chifukwa chake sananene kale. Bongololo anati ankaganiza kuti wosatha kumanga luzi alibe chonena pa za ulalo.

Anakambirana nthawi yaitali, ndipo si zonse zimene anagwirizana. Nantchengwa anaumirira kuti ulalo wapansi asauonjezerenso china chatsopano, azingousamala mmene ulili, ndipo oyenda pansi anati iwo safunanso china. Misonkhano anati izikhala Lachinayi lina m'mwamba, lina pansi. Anungu analonjeza kusenda luzi, koma Nyani ananenetsa kuti wosatha kuthandiza aziwolokabe ngati kale. Nkhwangwa zonola zija anadulira mitengo iwiri yatsopano tsiku lomwelo, ndipo pokoka luzi Pusi anayambitsa nyimbo ija. Mayina a oika mitengo atatha sanaleke, anapitiriza ndi wofulula, wophika mtedza, wotola nkhuni. Atafika pa Likongwe anamutchula kuti wolawa, ndipo ovomera anali ambiri moti mawu aja anamveka matsidya onse awiri.

Mlandu wa Likongwe unali wachidule. Nantchengwa ankafuna kuti asenze nsungwi chaka chathunthu. Likongwe anavomera msanga, n'kungofunsa kuti nanga amene aziyenda m'makomo kufunsa anthu amanyaziwa zimene zikuwavuta ndani, poti aona okha kuti sanena pokhapokha wina awakoke lilime. Anayang'anana. Wodziwa makomo onse anali mmodzi yekha. Anamupatsa ntchito imeneyo, ndipo anazindikira mochedwa kuti khomo lililonse limene azifika azimupatsa kanthu kolawa.

Ntchito itatha, Mai Kamba anasenza kadengu ka chakudya cha mwana wawo. Nyani anawalanda mwaulemu, nati awaperekeza. Anali asanawolokepo ulalowo pa liwiro la Kamba, ndipo kangapo konse anatsala pang'ono kuwaponda. Atadutsa pakati, mayiwo anaima. Anatembenuka cham'mbali, anatambasula mwendo wakutsogolo mpaka khosi kunjenjemera, anadzikoka, chigoba n'kupendekeka kuloza kumadzi, kenaka anakhazikika tsidya lina la mpata umene Nyani ankaudumpha osauona.

"Mumachita chonchi masiku onse?"

"Kuyambira chaka cha madzi ambiri chija. Ndinazolowera."

Nyani anaitana Pusi, amene anabwera ndi kachidutswa ka nsungwi kotsala pa ntchito ina. Anakalowetsa pampatapo, anamanga kawiri, n'kuluma luzi. Sizinatenge nthawi yomwera chikho chimodzi. Mai Kamba anabwerera m'mbuyo, n'kuyendapo bwinobwino, kenaka n'kubwereranso kuti ayendeponso.

Ali pomwepo anamva mwana wawo akuitana kutsidya kuti amayi fulumirani, dzira limodzi layamba kung'aluka. Nyani anafunsa ngati awanyamule.

"Ayi, apampando, gwirani dengu lokhalo. Ndifika ndekha. Mawa ndibwerera kudzawauza bambo kunyumba kuti ndi angati."

Anafulumira mmene Kamba amafulumirira, wapampando ali pambuyo ndi kadengu kumutu.

Nthano yanga nayo yawoloka, ndaitula pamenepa.